Malangizo: Kusiya Biology, Kulowa Physics

Lero tikuyankha wophunzira wina wa ku yunivesite amene sanakhoze bwino mayeso a biology, ndiye akuganiza zosamukira ku physics.

Mnzathu, dzifunseni kaye: kodi physics mumaikondadi, kapena mukungothawa biology? Funsoli tikulifunsa dala, chifukwa physics imayenda ndi masamu tsiku lililonse, calculus ndi ma vector osalekeza. Ngati chinakugwetsani n'kuloweza mayina ambirimbiri a ziwalo ndi tizilombo, koma masamu mumawamva, physics ingakukomereni. Koma ngati masamu nawonso amakusautsani, kapena munagwa chifukwa cha matenda, njala kapena nkhawa ya fizi, vutolo lidzakutsatirani komweko.

Dziyeseni patchuthi. Tengani buku la mechanics la chaka choyamba, muziyankha mafunso ake panokha osasuzumira mayankho. Mukatero kaonaneni ndi mkulu wa dipatimenti ya physics, akuuzeni maphunziro amene mudzayambirenso ndiponso zaka zimene zidzawonjezereke. Amene amakulipirirani sukulu auzeninso msanga, asadzamvere kwa ena.

Biology yanuyo sinatayike ayi, chifukwa maphunziro awiriwa amakumana. Francis Crick anayamba ndi physics, ndipo mu 1953 iye ndi James Watson anafotokoza kapangidwe ka DNA pothandizidwa ndi ntchito ya X-ray ya Rosalind Franklin. M'zipatala namonso, makina ochizira khansa ndi cheza amafuna katswiri wa medical physics woyeza mlingo wa chezacho kuti chisawononge minofu yabwino, ndipo wodziwa kale za maselo amayamba ntchitoyi ali ndi poyambira.

Mukakaonana ndi mkulu wa dipatimentiyo, tilembereninso.