Buleki ya Njinga Yamoto Ikafewa, Musafulumire Kugwira Sipanala

Njinga yamoto yosenza matumba awiri a feteleza siima msanga ngati ili yopanda katundu. N'cifukwa cake buleki yofewa, imene cogwirira cake cimabwera mpaka kukhudza handulo, si vuto loti lidikire mawa. Koma musanamasule kanthu, dziwani kumene kwacokera vutolo.

Pa njinga za buleki ya kebulo, nthawi zambiri kebuloyo imangokhala itatamuka kapena nsapato za buleki zatha. Kumangitsa nati ya kumapeto kwa kebulo kumathandiza. Nati ikafika kumathero, sinthani nsapatozo.

Buleki ya mafuta ndiyo ifuna kuimvetsa bwino. Mafuta a buleki sapanikizika, koma mpweya umapanikizika. Mpweya ukalowa m'paipi, mphamvu ya dzanja lanu imathera pa kufinya mpweyawo m'malo mofika ku gudumu. Yesani motere njinga itaima: finyani cogwirira kangapo mofulumira. Cikayamba kulimba, kawirikawiri ndiye kuti muli mpweya. Koma mukacigwira osacisiya n'kuona cikumira pang'onopang'ono, mafuta akudontha penapake kapena mphira za m'kati mwa pampu ya pa handulo zaonongeka. Palinso madzi. Mafuta a DOT 3 ndi DOT 4 amakoka cinyezi, ndipo pa mtsetse wautali buleki ikatentha, madziwo amawira n'kusanduka nthunzi. Opanga njinga ambiri amalangiza kusintha mafuta pa zaka 2 zilizonse.

Pocotsa mpweya, finyani cogwirira, cigwireni, mnzanu atsegule pang'ono kasikuluu kotulutsira mpweya ka pa gudumu, ndipo akatseke musanasiye cogwirira. Bwerezani mpaka thovu litaleka, koma kabokosi ka mafuta kasaume. Thirani mtundu wolembedwa pa civundikiro cake. DOT 5 sasakanizidwa ndi mitundu inayi, ndipo oilo wa injini, amene ena amathira poti ndiye ali pafupi, amatupitsa mphira zonse.

Zonsezi n'za njinga imene walanti yake inatha. Ikakhala yatsopano, sipanala ikhale pansi. Makanika wa pa msika akangotsegula pampu, wogulitsa amapeza ponamizira kuti munaiononga nokha. Mkangano wa walanti umagona pa funso limodzi: kodi cipangizo catha ndi nchito, kapena cinabwera colakwika? Mapadi ndi nsapato za buleki nthawi zambiri sizilowa m'walanti, pakuti zimatha ndithu. Koma pampu yodontha pa njinga imene yayenda makilomita ocepa ndi nkhani ina, ndipo musalole kuuzidwa kuti njinga zonse zimatero.

Umboni ndiwo udzakuyankhulirani. Sungani lisiti ndi buku la sevisi lodindidwa pa nthawi yake. Jambulani ndi foni makilomita ndi pamene pakudontha. Dandaulo lilembedwe m'kalata yokhala ndi tsiku, ina mutsale nayo, ndipo posiya njinga pemphani pepala loonetsa zimene akonza. Lonjezo la pakamwa limaiwalika msanga.

Wogulitsa akakana, kapena akakonza kawiri vuto osatha, pitani ku Competition and Consumer Protection Commission. Lamulo la 2010 limene bungweli limayendera limaletsa kugulitsa katundu wolakwika, ndipo limaletsanso zikwangwani zonena kuti cogulidwa sicibwezedwa. Pamene nkhaniyo ili m'kati, njinga ikhale pa nyumba. Katundu apite pa ngolo.