Anasungunula Makasu Kuti Chiwerengero Chikwane

Mu Ogasiti 1958, akuluakulu a chipani cholamula dziko la China anakumana ku Beidaihe, tauni ya m'mbali mwa nyanja kumene ankakonda kukapitidwa mphepo nyengo yotentha. Pamsonkhanowo anamanga mfundo yoti chaka chisanathe, dziko likhale litapanga matani 10.7 miliyoni a chitsulo cholimba. Chaka cha 1957 linali litapanga matani 5.35 miliyoni. Chiwerengero chatsopanocho sichinachokere pa mphamvu za mafakitale amene analipo. Anangotenga cha chaka chathacho n'kuchichulukitsa kawiri.

Chimene ankalakalaka n'chomveka. China inali dziko losauka, lotopa ndi nkhondo, ndipo chitsulo ndicho chimayala njanji, kumanga milatho ndi kupanga mathirakitala. Mu Novembala 1957, ali ku Moscow, Mao Zedong, mtsogoleri wa chipani cholamulacho, anali atalonjeza kuti m'zaka 15 dziko lake lidzaposa Britain pa kapangidwe ka chitsulo. Koma pamene msonkhano wa ku Beidaihe unkatha, miyezi isanu ndi itatu ya chakacho inali itapita, ndipo chitsulo chimene chinali chitapangidwa sichinafike ndi theka lomwe la matani 10.7 miliyoni aja. Mafakitale akuluakulu monga a ku Anshan sakanatha kukwaniritsa zotsalazo m'miyezi inayi. Lamulo linatsika kuti dziko lonse lisule.

Ng'anjo za njerwa ndi dothi zinamera paliponse, zikwi mazanamazana: m'midzi, pamabwalo a sukulu, kuseri kwa maofesi ngakhalenso kuzipatala. Anthu okwana pafupifupi 90 miliyoni anachotsedwa pantchito zawo kuti azikumba miyala ya chitsulo, kusenza malasha, kuotcha makala ndi kukoleza moto usana ndi usiku. Aphunzitsi ndi ana asukulu ankasinthana pamivukuto. Kumene kunalibe malasha, nkhalango zinagwetsedwa, kenako mitengo yazipatso, kenako zitseko ndi mipando. Kumene kunalibe miyala ya chitsulo, akuluakulu a m'dera ankayenda khomo ndi khomo kutolera chilichonse chachitsulo. Pa nthawiyi n'kuti midzi itaphatikizidwa m'magulu akuluakulu otchedwa makomyuni, anthu akudyera pamodzi m'makhitchini a gulu, choncho ankauzidwa kuti mapoto a pakhomo alibenso ntchito. Mapoto anapita m'ng'anjo. Maloko, mahinjesi, zikwakwa ndi makasu zinatsatira.

Wosula aliyense amadziwa kuti chitsulo chimafuna moto wofika pake ndi mmisiri wodziwa kuchiyenga. Ng'anjo zambiri za m'midzi zinalibe zonse ziwirizi. Chimene chinkatuluka moto ukazima chinali zibuluma zakuda, zodzaza zinyalala, zoti ukazimenya ndi nyundo zimangophwanyika. Komabe zinkaikidwa pasikelo, kulemera kwake n'kulembedwa m'buku, buku n'kupita kuboma laling'ono, kuchoka uko kupita kuchigawo, mpaka ku Beijing. Mu Disembala boma linalengeza kuti cholinga chakwaniritsidwa, ndipo chiwerengero cha chaka chonse chinaikidwa pa matani 11.08 miliyoni. Mu Ogasiti 1959 boma lomwelo linavomera kuti matani 8 miliyoni okha ndiwo anali oyenera kugwiritsidwa ntchito m'mafakitale. Matani ena oposa 3 miliyoni anali a m'ng'anjo zija.

Apa ndi pamene pagona phunziro, chifukwa sikelo sinaname. Zibulumazo zinalidi zolemera. Chinasokonekera ndi funso limene sikeloyo inkayankha. Akatswiri oona mtima akamayeza zimene mafakitale a dziko atulutsa, pali mafunso atatu amene sawalumpha, ndipo onse atatu analumphidwa mu 1958.

Loyamba ndi lakuti: ntchitoyi yawonjezera chiyani? Fakitale yopanga nsalu ikagula thonje, utoto ndi magetsi, phindu limene yabweretsa m'dziko si mtengo wonse wa nsaluyo ayi, koma mtengo wa nsalu kuchotserapo mtengo wa zimene zalowa. Khasu likalowa m'ng'anjo n'kutulukamo chibuluma chosasulika, dziko laluza khasu, laluza mtengo umene unaotchedwa makala, ndipo silinapeze kanthu. M'buku la matani munalembedwa kuti chuma chakwera, pamene chinali chitatsika.

Lachiwiri ndi lakuti: anagwira ntchitoyi ndi anthu angati, kwa maola angati? Dziko sililemera chifukwa chakuti katundu wachuluka basi, limalemera wantchito mmodzi akamatulutsa zambiri pa ola limodzi kusiyana ndi kale, chifukwa cha makina abwino, luso ndi dongosolo. Mukagawa matani 3 miliyoni aja kwa anthu 90 miliyoni, aliyense akupeza chitsulo chosafika kulemera kwa thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50, ndipo chitsulo chake chosagwira ntchito. Kuwonjezera apo, m'chaka chimodzi chokhacho chiwerengero cha olembedwa ntchito m'makampani ndi m'maofesi a boma chinakwera ndi anthu pafupifupi 20 miliyoni, ambiri ochokera kumudzi. Onsewa ankafunika kudya, ndipo amene ankawalimira anali atachepa.

Lachitatu ndi lakuti: kodi muyeso wa chaka chino ndi womwewo wa chaka chatha? Kuti zaka zifanizidwe, akatswiri amasankha chaka chimodzi n'kuchipatsa nambala 100. Ngati chaka chotsatira chafika pa 105, ndiye kuti zopangidwa zakwera ndi 5 pa 100 iliyonse. Koma njirayi imagwira pokhapokha mitengo yowerengera ikhale ya chaka choyambacho, kuti kukwera mitengo kwa zinthu kusaoneke ngati kuchuluka kwa katundu, ndiponso pokhapokha chinthu chowerengedwacho chikhale chamtundu womwewo. Tani ya 1957 inali chitsulo choyalira njanji. M'matani a 1958 munasakanikira zibuluma. Kuika ziwerengero ziwirizi pamzere umodzi kunali kunamiza maso.

Pamene amuna ndi anyamata anali kung'anjo, mbewu zinacha m'minda. M'madera ambiri munatsala amayi, nkhalamba ndi ana, zida zokololera zitachepa, ndipo mpunga, mbatata ndi thonje zina zinaolera m'munda. Koma matenda a ziwerengero anali atalowanso ku ulimi. Mkulu wa dera amene walengeza zokolola zochepa ankaoneka wopanda chikhulupiriro mwa chipani, ndipo amene walengeza zambiri ankatamandidwa. Aliyense ankayang'ana chimene mnzake wanena n'kuwonjezerapo. Mu Ogasiti 1958 nyuzipepala ya chipani ya People's Daily inalemba kuti munda wina m'boma la Macheng, m'chigawo cha Hubei, wabereka mpunga wofanana ndi matani oposa 270 pa hekitala, ndipo inasindikiza chithunzi cha ana ataimirira pamwamba pa mpunga wothithikana. Minda yachionetsero yotere inkakonzedwa pozula mpunga wakucha m'minda ingapo n'kuupanikiza pamalo amodzi alendo asanafike.

Mabodza a m'midzi ataphatikizidwa, boma linalengeza kuti dziko lakolola matani 375 miliyoni a chakudya mu 1958. Kenako linatsitsa kufika pa 250 miliyoni. Ziwerengero zimene China yomwe inadzavomereza pambuyo pake zikusonyeza pafupifupi matani 200 miliyoni. Kuopsa kwake n'kwakuti gawo limene boma linkatenga kwa alimi linkawerengedwa potengera zokolola za papepala. Mkulu amene ananama kuti dera lake lakolola kawiri ankayenera kupereka mbewu zogwirizana ndi bodza lakelo, ndipo kuti zikwane ankasesa nkhokwe mpaka mbewu yodzala. Alimi akanena kuti chakudya chatha, ankaimbidwa mlandu wobisa, ena ankamenyedwa. Mu 1959 China inagulitsa kunja matani oposa 4 miliyoni a chakudya pamene anthu ake anali atayamba kudya makungwa a mitengo ndi dothi. Zokolola zinatsikabe kufika pa matani 170 miliyoni chaka chimenecho, ndi 143.5 miliyoni mu 1960.

Mungafunse kuti nanga odziwa masamu anali kuti? Analipo, koma anali ataona zimene zinachitika mu 1957, pamene anthu ophunzira oposa theka la miliyoni anatchedwa adani a chipani chifukwa cholankhula maganizo awo, ambiri n'kuchotsedwa ntchito kapena kutumizidwa kukagwira ntchito yakalavulagaga. Mu 1958 maofesi owerengera a m'zigawo anayamba kumvera alembi a chipani a m'dera lawo, anthu omwewo amene ziwerengerozo zinkayenera kuyeza ntchito yawo. Woyezedwa ndiye anagwira sikelo.

Mmodzi analimba mtima. Peng Dehuai, nduna ya zachitetezo ndiponso msilikali amene anatsogolera asilikali a China pa nkhondo ya ku Korea, anapita kwawo ku Hunan kumapeto kwa 1958 n'kudzionera yekha mbewu zosakololedwa ndi ng'anjo zotha nkhuni. Pamsonkhano wa ku Lushan mu Julayi 1959 analembera Mao kalata yaulemu yonena kuti kukokomeza ziwerengero kwafala ndipo ntchito ya ng'anjo yawononga chuma ndi mphamvu za anthu. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma Mao anaiona kalatayo ngati chiwembu. Anaigawa kwa onse pamsonkhanopo, Peng anachotsedwa paudindo, ndipo m'dziko lonse munayamba kusaka amene ankaganiza ngati iye. Kuchokera pamenepo mkulu aliyense anadziwa chiwerengero chimene chingamusungire ntchito, ndipo njala inakula.

M'dera la Xinyang lokha, m'chigawo cha Henan, munafa anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Mtolankhani Yang Jisheng, amene bambo ake anafa ndi njala mu 1959, anafufuza zikalata za m'zigawo kwa zaka zambiri ndipo m'buku lake lotchedwa Tombstone anawerengera kuti anafa ndi anthu 36 miliyoni. Katswiri wa chiwerengero cha anthu Judith Banister anapeza pafupifupi 30 miliyoni, pamene wolemba mbiri Frank Dikötter anafika pa 45 miliyoni. Mu Januwale 1962, pamsonkhano wa akuluakulu a chipani 7,000 ku Beijing, mtsogoleri wa dziko Liu Shaoqi anabwereza zimene alimi a kwawo anamuuza, zoti pa magawo khumi a tsokali, atatu okha ndiwo anali a nyengo, asanu ndi awiri anali opangidwa ndi anthu. Nacho chitsulo chimene anthu anavutikira chija sichinakhalitse. Chiwerengero chake chinakankhidwa mpaka matani 18.66 miliyoni mu 1960, makina akuthamangitsidwa osakonzedwa, kenako chinagwa kufika pa 6.67 miliyoni mu 1962. Mafakitale ambiri anatsekedwa, ndipo anthu pafupifupi 20 miliyoni anabwezedwa kumudzi kuchokera m'matauni.

China inadzafika kumene inkafuna. Mu 1996 inadutsa matani 100 miliyoni n'kukhala dziko lopanga chitsulo chambiri padziko lonse, ndipo mu 2020 inadutsa matani biliyoni imodzi. Zimenezi zinatheka chifukwa cha mafakitale enieni, mainjiniya, magetsi, madoko ndi ogula amene amakana katundu woipa, ndipo zinatenga zaka makumi angapo. Komabe chizolowezi chokometsera ziwerengero sichinafe msanga, chifukwa akuluakulu a zigawo ankakwezedwabe pantchito potengera ziwerengero za chuma cha dera lawo. Mu 2007 Li Keqiang, amene pa nthawiyo ankatsogolera chipani m'chigawo cha Liaoning ndipo anadzakhala nduna yaikulu, anauza kazembe wa America kuti ziwerengero za chuma cha chigawo chake n'zopangidwa ndi anthu. Iye ankadalira zinthu zitatu zovuta kunamizira: magetsi amene agwiritsidwa ntchito, katundu amene sitima za pamtunda zanyamula, ndi ngongole zimene mabanki apereka. Mu Januwale 2017 bwanamkubwa wa Liaoning, Chen Qiufa, anavomera poyera kuti kuyambira 2011 mpaka 2014 mizinda ndi maboma a m'chigawocho ankakweza dala ziwerengero za ndalama zimene ankatolera.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa nafenso tikulakalaka mafakitale. Masomphenya a Malawi 2063 aika kutukula mafakitale ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu, ndipo ofesi ya National Statistical Office ku Zomba ndi imene ili ndi udindo wotiuza ngati tikupita chitsogolo. Ofesi yotere iyenera kupatsidwa ndalama zokwanira, iyenera kulandira malipoti oona kuchokera kumakampani, ndipo koposa zonse iyenera kukhala yomasuka kulengeza chaka choipa popanda wina kuchotsedwa ntchito. Chiwerengero chotsika chimawawa, koma chimapatsa dziko mpata wokonza zinthu nthawi ikadalipo. Chiwerengero chokometsera chimatseka mpata umenewo.

Tsono inu amene mumamva ziwerengero pawailesi, kapena mumazilemba nokha kuntchito, kaya ndinu kalaliki, foromani, mlangizi wa zaulimi kapena mkulu wa kampani, musamangoombera m'manja kuchuluka kwa matani. Muzifunsa ngati katunduyo akugwira ntchito ndipo wapeza womugula. Muzifunsa kuti anamupanga ndi anthu angati, ndipo anthuwo anasiya ntchito yanji. Muzifunsa ngati muyeso wake ndi womwewo wa chaka chatha, komanso amene wawerenga apindula chiyani chiwerengerocho chikakwera. Ndipo tsiku limene abwana adzakuuzeni kuti muwonjezereko pang'ono kuti lipoti lioneke bwino, mudzakumbukire kuti pali munthu wina kutsogoloko amene adzakhulupirira zimene mwalembazo, n'kugamula za chakudya, malipiro kapena ntchito za anzanu potengera nambala imeneyo. Lembani zimene mwaona.