Madzi m'Mafuta a Thirakitala: Phunziro kwa Alimi a ku Milonde

Alimi ambiri a ku Milonde alibe thirakitala yawoyawo, ndipo wina angafunse kuti phunziro ili likumkhudza bwanji munthu wa khasu. Likumkhudza ndithu. Amene walipira kuti amlimire munda, kapena amene asonkherana pa kalabu kubwereka makina, ndiwo amataya zambiri pulawo ikakana kukwera mwezi wa Novembala. Mvula yoyamba siyembekeza makaniko. Chimanga chobzala mochedwa chimachepa m'nkhokwe, ndipo mbande za fodya zimakulira ku nazale.

Chimene chimanyamula pulawo kumbuyo kwa thirakitala ndi mafuta, amene amakaniko amawatcha mafuta a haidiroliki. Pampu imawakankha m'mapaipi mwamphamvu, ndipo popeza mafuta sapanikizika monga mpweya, iwonso amakankha chitsulo chimene chimakweza mikono yakumbuyo. Njira ya mikono itatu imeneyi anaikonza Harry Ferguson wa ku Ireland, ndipo thirakitala yake yaing'ono yotuwa inayamba kupangidwa ku Coventry m'chaka cha 1946. M'mathirakitala ambiri a mtundu uwu, monga Massey Ferguson 135, mafuta onyamula pulawo ndi omwewo amene ali m'giyabokosi. Tsono akaipa, zinthu ziwiri zodula zimaonongekera pamodzi.

Kuno kwathu mdani wamkulu ndi madzi. Paja akulu anati walira mvula walira matope, ndipo ife okhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje tili ndi mvula yoposa ya maboma ambiri. Ngakhale m'miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsa zonse. Thirakitala yogona pabwalo imamwa madzi pang'onopang'ono kudzera pa kampira kotchinga tsinde la ndodo ya magiya, kakang'ambika. Ena amalowa pamene woyendetsa aoloka mtsinje wodzaza, kapena pamene atsuka makina ndi paipi. Enanso amabadwira m'kati momwemo, pakuti chitsulo chikatentha masana ndi kuzizira usiku chimachita thukuta ngati chivundikiro cha poto. Makina aliwonse amene anamira m'madzi osefukira, monga aja a namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, sayenera kulizidwa konse mafuta ake asanachotsedwe.

Kuyesa mafuta sikulira zida za ku tauni. Lizani injini kanthawi kuti mafuta afunde, izimitseni, ndipo tapani pang'ono m'botolo loyera ndi louma. Liyang'aneni padzuwa. Mafuta abwino amaonekera ngati uchi wosungunuka. Akakhala otuwa ngati tiyi wamkaka, muli madzi. Akakhala ndi thovu, ndiye kuti pampu ikuyamwa mpweya, kapena chifukwa mafuta achepa kapena chifukwa paipi yoyamwira yamasuka. Pampu yotero imalira mosasa ndipo mikono imakwera monjenjemera. Akada ndi kununkha chopserera, atenthedwa kwambiri ndipo mphamvu yawo yatha.

Pamenepo musafulumire kutaya botolo lija, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Liikeni pamalo osagwedezeka usiku wonse. Madzi ndi olemera kuposa mafuta, kotero m'mawa mudzawapeza atakhala pansi pamodzi ndi nsenga. Ngati mukayikabe, tenthetsani kachitsulo kafulati pamakala, kutali ndi makina, ndi kudonthezapo dontho limodzi, nkhope muli chapatali. Mafuta okhaokha amangoyenderera mwakachetechete ndi kufuka utsi. Okhala ndi madzi amathetheka monga muja achitira mafuta ophikira mukaponyamo tomato. Nsenga zija zipiseni ndi maginito. Fumbi lakuda pang'ono lomamatira ndilo kutha kwa masiku onse, koma mukaona tizidutswa tonyezimira tokanda chala, imitsani ntchito ndi kuitana makaniko, chifukwa china chake chikudyeka m'kati ndipo mafuta atsopano sangachichiritse.

Tidziwenso kuti fumbi loononga kwambiri ndi limene diso silingalione, locheperatu kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mipata ya m'pampu ndi m'mavavu njaing'ono chomwecho, ndipo fumbi la m'misewu ya Okutobala likalowamo limapala chitsulo ngati mchenga wokwechera mapoto. Mafuta ooneka oyera angathe kukhala nalo; ndicho chifukwa chake opanga makina amalemba maola osinthira mafuta ndi sefa m'buku lawo.

Chizolowezi choipa chimene chafala ndicho kuthira mafuta atsopano pamwamba pa akale, ati kuti awasungunule. Uku n'kuthira madzi a pamjigo m'chithaphwi. Ndalama zapita, ndipo madzi aja akadali momwemo kuchita dzimbiri ndi kudya pampu.

Kachitidwe koyenera ndi aka. Yambani mwapeza polowera madzi ndi kupatseka, pakuti mukapanda kutero mudzabwereza ntchito yonse mwezi usanathe. Imikani thirakitala pamalo osalala mafuta ali ofunda, tsitsani pulawo pansi kuti mafuta a m'silinda abwerere, ndipo zimitsani injini. Pukutani dothi lonse pozungulira zotsekera musanazimasule. Zotsekera zapansi kawirikawiri zimaposa chimodzi. Masulani zonse, ndi kulola mafuta adonthe mpaka atatheratu. Kasefa kawaya ka pa pampu katsukeni ndi palafini ndi kukaumitsa. Sefa yapepala satsuka, amaika ina. Kenaka thirani mafuta atsopano a mtundu wolembedwa m'buku, lizani injini, kwezani ndi kutsitsa mikono kangapo popanda katundu, ndipo tapaninso m'botolo. Ngati akadali otuwa, akhuthuleni ndi kuthira ena. Kumapweteka mtima kutaya malita ambiri chotero, koma mtengo wa pampu umaposa pamenepo kutali, ndipo pampuyo mwina muyenera kukaifuna ku Limbe kapena ku Blantyre, munda uli chidikirire. Alipo ena amene amatsukira dizilo m'kati injini ikulira. Ife sitilimbikitsa zimenezi, chifukwa dizilo ndi wopyapyala, sateteza zitsulo zokhudzana, ndipo wotsalira amasukulutsa mafuta atsopano.

Pali khomo lina limene ambiri amaliiwala, ndilo ngolo yodzikhuthula yokha. Silinda yake imasunga mafuta a thirakitala imene inaikoka komaliza, ndipo mukailumikiza ku yanu mafutawo amasakanikirana. Ngolo yobwereka ingathe kuipitsa m'tsiku limodzi mafuta amene mwasintha dzulo. Mitu ya mapaipi ake isagwere m'dothi; ipukuteni ndi kuivundikira nthawi zonse. Chimodzimodzinso mgolo wosungira mafuta: ukaimikidwa pabwalo, madzi a mvula amadikha pamwamba pake, ndipo usiku ukazizira umawayamwa kudzera pa chitsekerero ngakhale chili chomanga. Ugonekeni chammbali pansi pa denga. Fanulo ndi chigubu chothirira zikhale za ntchito iyi yokha.

Alimi a fodya amene amadinda mabelo ndi jeke ya mafuta asamale momwemonso. Jeke yotero imafuna mafuta ake a jeke. Mafuta a mabuleki amaononga timipira take, ndipo ikayamba kudontha, tsamba limatenga fungo limene ogula ku okushoni amalikana.

Mawu awiri a chenjezo. Paipi ikabooka kabowo kakang'ono, musafufuze ndi dzanja injini ikulira. Mafuta amatuluka mwamphamvu yoti angaboole khungu ngati jakisoni, ndipo ngakhale bala lioneke laling'ono, munthu wotero athamangire naye ku chipatala tsiku lomwelo, chifukwa angaduke chala kapena dzanja. Fufuzani ndi katoni. Ndipo munthu asalowe pansi pa pulawo kapena ngolo yokwezedwa popanda chochirikiza cholimba.

Mafuta otha ntchito asatayidwe m'khwawa, pakuti makwawa athu amathera mu Ruo, momwe anthu amatunga ndi kuwedza. Asapakidwe pa zilonda za anthu kapena za ziweto. Asungidwe m'chigubu chotseka, kutali ndi chitsime, nkhokwe ndi chigafa, ndipo mlangizi wa zaulimi wa dera lanu kapena ogulitsa mafuta akuuzeni kokawasiya.