Kulima Matimati m'Bokosi Pakhomo

Nthawi ya dzinja matimati amasowa m'midzi ndipo mtengo wace umakwera pa misika, pakuti madimba ambiri amadzala madzi, ndipo mizu ya mbeu imeneyi imaola m'nthaka yolowa madzi. Koma banja limene likonza bokosi la dothi pakhomo silisowa cokometsera ndiwo, ngakhale m'miyezi ya njala. Cifukwa dothi lokwezeka silisunga madzi a mvula.

Bokosilo limangidwa ndi matabwa, nsungwi kapena njerwa, koma kumene kuli ciswe cambiri njerwa ndizo zipambana. Msinkhu wace ukhale masentimita 30, m'lifupi mwace mita imodzi, kuti dzanja lifike pakati popanda kuponda dothi. Pansi pace pakhale potseguka kuti madzi atsike, ndipo malowo akhale oomba dzuwa maora 6 kapena kuposa pa tsiku.

Podzaza bokosi, mlimi asakanize magawo awiri a dothi la pamwamba ndi gawo limodzi la manyowa oolerana bwino. Asatape dothi m'munda mmene munali fodya, mbatatesi kapena mabilinganya, pakuti mbeu zimenezi ndi za mtundu umodzi ndi matimati, ndipo zimasiya m'nthaka tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu. Cifukwa ca comweco, dothi la m'bokosi lisinthidwe caka ndi caka.

Mbande ziokeredwe madzulo zikakwana masabata 4 kapena 5, motalikirana masentimita 45. Zikwiriridwe kufikira pa masamba oyamba, pakuti tsinde la matimati limaturutsa mizu yina m'dothi. Tsinde liri lonse likhale ndi ndodo yace, limangidwe ndi luzi mosathinitsa, ndipo mphukira za pakati pa tsinde ndi tsamba zithyoledwe zikali zazing'ono. Pamwamba pa dothi ayalepo udzu wouma, kuti matope asathovukire pa masamba ndi kubweretsa ciwau.

Mvula ikadula, bokosi limauma msanga koposa munda. Cotero mlimi athirire m'mamawa, pa tsinde, osati pa masamba. Ndipo asalumphitse masiku, pakuti matimati omva ludzu amang'aluka akalandira madzi ambiri mwadzidzidzi.

Mdani wamkuru ndiye kagulugufe kochedwa Tuta absoluta, kamene kanafika m'Zambia mu 2016. Mphutsi zace zimadya m'kati mwa tsamba ndi kuboola zipatso. Mwini bokosi ayang'ane masamba tsiku ndi tsiku, ndipo ali onse okhala ndi mawanga oyera athyole ndi kuwatentha. Nkhuku ndi mbuzi zichingidwe ndi kampanda.

Zipatso zimayamba kupsa pakatha miyezi iwiri kapena itatu cioketsere. Motero wofesa mu Okutobala ndi kuokera mu Novembala adzathyola mu Januwale ndi Febuluwale, pamene matimati ali osowa. Ana adzadya ndiwo zokoma, ndipo otsala adzagulitsidwa, napezetsa banja mcere ndi sopo.