Mtsinje wa Dwambazi Umadwalira Kuphiri

Amene amayenda pa msewu wa M5 kuchokera ku Nkhotakota kulowera ku Nkhata Bay amadziwa kuti ukangodutsa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, mapiri amayamba kuyandikira nyanja. Pofika pa Dwambazi, chigwa chimakhala chitachepa. Mtsinje wa Dwambazi umatsika kuchokera kumapiri a Viphya, ndipo njira yake ndi yotsetsereka. Chimene chachitika kumtunda sichichedwa kufika kumunsi.

Nkhani ndikuuzeniyi ilibe dzina la munthu mmodzi, pakuti yagwera mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja, ndipo imayenda mofanana. Bambo ali ndi munda wa chinangwa komanso dimba m'mphepete mwa mtsinje. Chaka china usipa wavuta, ana akufuna fizi, pakhomo palibe ndi mchere womwe. Bamboyo anyamula nkhwangwa, akwera phiri, agwetsa mombo ndi muwanga, aotcha makala, nandandalika matumba pamsewu. Magalimoto opita m'tauni aima, agula. Ine sindingamuponye mwala munthu ameneyu, chifukwa wogula makalawo ndi ife tomwe a m'tauni.

Zikadathera pamenepo, phiri likadachira. Mitengo yambiri yachilengedwe ya kwathu kuno siifa ikadulidwa. Chitsa chimaphukanso mvula ikagwa. Koma mu Okutobala anyamata osaka mbewa ayatsa tchire, moto wolusa wa nyengo yotentha upsereza mphukira zonse. Chaka chotsatira, chimodzimodzi. Zotsala zibudulidwa ndi mbuzi. Kumunsi nako, bambo uja aona kuti bango, mikuyu ndi katope za m'gombe la mtsinje zikungomudyera malo. Azizula kuti awonjezere mizere ingapo ya chimanga ndi tomato. Zokolola zoyamba zimusangalatsa, ndipo anansi ake atengera.

Kenaka ibwera mvula ya masiku angapo yosakata. Kale madzi ankagwera pa masamba, n'kutsikira pa zinyalala za pansi pa mitengo, n'kulowa m'nthaka pang'onopang'ono, n'kumatuluka m'akasupe mpaka chilimwe. Tsopano akugwera pa dothi lolimba louma ndi moto, ndipo onse athamangira mumtsinje nthawi imodzi, atasenza mchenga ndi miyala. Gombe lopanda mizu ligumuka. Dimba lija lipita lonse, pamodzi ndi malo ake enieniwo. Mchenga ukakwirira mpunga wa mayi wina wa kumunsi amene sanadulepo mtengo ngakhale umodzi, ndipo apa ndi pamene pamandiwawa kwambiri. Pofika Okutobala, mtsinje womwe unasefukira uja watsala timadzi tochepa, amayi akukumba mumchenga kuti atunge.

Izi si nthano za pamoto. Kumapeto kwa Febuluwale 2024, madzi osefukira anakantha boma la Nkhotakota, makamaka dera la mfumu yaikulu Kanyenda, mtsinje wa Dwangwa utaphulika. Anthu anamwalira, ena oposa 14,000 anakhudzidwa ndipo ambiri anathawira m'misasa, msewu wa M5 unaduka. Mvula ya masiku amenewo inali yochuluka zedi, ndipo palibe nkhalango ikadaimitsa madzi onsewo. Koma ukali wa madzi ndi kuchuluka kwa matope zimadalira zimene madziwo apeza panjira.

Msodzi asaganize kuti nkhaniyi ndi ya alimi okha. Mpasa ndi sanjika zimakulira m'nyanja koma zimakwera mitsinje kukaswana, ndipo zimaikira mazira pa timiyala ta m'madzi oyera. Matope akakuta timiyalato, mazira amafa. Ntchila, imene inali yochuluka m'zaka za m'ma 1950, inatsala pang'ono kutheratu, ndipo kuwonongeka kwa mitsinje pamodzi ndi kuigwira pa nthawi yoswana ndi zina mwa zifukwa zake. N'chifukwa chiyani mtsinje wa Bua ukadali wotchuka ndi mpasa? Umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015. Mitengo ya m'mbali mwake ndiyo ikulera nsombazo.

Tsono pali msampha wachiwiri, umene bambo wathu uja amagweramonso. Madzi ataphwa, kubwera mbande m'machubu. Nyengo yodzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo pa tsiku la mwambo pamakhala magule, malankhulidwe ndi zithunzi. Anthu adzala, abalalika. Palibe wopalira, palibe wolambula njira yotchinga moto, palibe woletsa ziweto. Ena adzala bulugamu pa kasupe penipeni chifukwa amakula msanga, osadziwa kuti mtengowu umamwa madzi kwambiri. Dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030. Lonjezoli silingakwaniritsidwe powerenga mbande zodzalidwa. Tiziwerenga mitengo imene yaona chilimwe chachitatu ili moyo.

Mankhwala enieni ndi otsika mtengo, koma amafuna kudekha. Pa chitsa chimene chaphuka, sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo mudule, mutetezeko moto ndi mbuzi. Mizu yake ndi yakale, yozama kale, kotero mphukirazo zimakula kuposa mbande ya kunazale. Alimi a ku Niger, dziko louma kuposa lathu, anabwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni mwa njira imeneyi kuyambira m'ma 1980. Ngati tchire liyenera kuotchedwa, liotchedwe udzu usanaumitsitse, moto ukadali wofatsa. M'gombe la mtsinje musiyemo bango, nsenjere ndi nsungwi, muwonjezere mbawa ndi katope, khasu likhale patali. Dambo musalikumbire ngalande zoliumitsa, chifukwa ndilo limasunga madzi a chilimwe. Ndipo poti nkhuni n'zosapeweka, mbaula zadothi zosadya nkhuni zambiri, monga Changu Changu Moto imene bungwe la Ripple Africa lafalitsa ku Nkhata Bay, zimachepetsa maulendo a kuphiri.

Nkhalango ya Dwambazi ndi yotetezedwa ndi boma, ndipo lamulo la zankhalango la 1997 limalola midzi kukhala ndi nkhalango zawozawo pansi pa nyakwawa. Inu mafumu a kumtunda ndi a kunyanja, khalani pansi limodzi, alimi, asodzi ndi ootcha makala omwe akhalepo, mugwirizane malo oti nkhwangwa ndi moto zisafikeko. Chitani zimenezi udzu wa chaka chino usanaume.