Kuwala ndi Kadyedwe ka Tiana ta Nsomba

Tauni ya Wigston ili kutali ndi nyanja yamchere, koma m'masitolo akuluakulu a m'dera la Leicester mumapezeka nsomba zotchedwa sea bass ndi sea bream. Zambiri mwa nsombazi zimachita kuwetedwa, makamaka ku Greece ndi ku Turkey. Pa ulimi umenewu, ntchito yovuta koposa ndi kulera tiana tongobadwa kumene.

Kamwana ka sea bass kamatuluka m'dzira kali kakang'ono, mamilimita 3 kapena 4 okha. Kamwa lake limakhala lisanatseguke ndipo maso ake sapenya. Masiku oyamba kamadalira chakudya cha m'kathumba kamene kamabadwa nako kumimba. Chakudyacho chikamatha, kansombako kayenera kuyamba kudzisakira. Kakachedwa kamafooka, ndipo pakapita masiku ochepa kamafa.

Tiana timeneti timasaka ndi maso. Alimi amatipatsa tizilombo tamoyo tating'onoting'ono totchedwa rotifer, kenako tokulirapo totchedwa Artemia. Popeza maso a tinsombati amakhala asanakhwime, mumdima sitiona chakudya ngakhale chitadzaza thanki. Ndiye chifukwa chake alimi ambiri amayatsa magetsi nthawi yaitali, ena usana ndi usiku, kuti tidye mokwanira.

Kuwala kukanyanya kumaononganso. Tinsombati timasokonezeka n'kuunjikana m'mbali mwa thanki, kudya osadya. Pofuna kupewa zimenezi, alimi amathira ndere zosaoneka ndi maso m'madzi kuti abiriwire. Madzi otero amafewetsa kuwala ndipo tizilombo tija timaoneka bwino.

Mtundu uliwonse wa nsomba uli ndi zofuna zake. Ku Otter Ferry, m'mbali mwa Loch Fyne ku Scotland, amaswetsa nsomba yaikulu yotchedwa halibut. Tiana take timasungidwa mumdima ndi m'madzi ozizira kwa masiku oposa 30, pakuti m'chilengedwe mazira ake amaswa pansi pa nyanja, kumene dzuwa silifika. Kuwala kumafunika tikayamba kudya.

Asodzi a ku Malawi nawo amadziwa mphamvu ya kuwala. Usiku wopanda mwezi, ku Nkhata Bay ndi ku Mangochi, amayatsa nyali pamabwato. Usipa umasonkhana pamene pali kuwalapo, ndipo asodziwo amauzinga ndi khoka la chilimira. Mwezi ukawala kwambiri, usipa suthamangira nyali ndipo umasowa pamsika.

Mlimi wa nsomba ayenera kukhala wodekha ndi wopenyetsetsa, chifukwa kulakwitsa kuwala kwa masiku ochepa kungaphe tiana tonse ta m'thanki.

Mafunso
1. Kodi kamwana ka nsomba kamadya chiyani kasanayambe kusaka?
2. N'chifukwa chiyani alimi amathira ndere m'matanki?
3. Fotokozani chifukwa chimene tiana ta halibut timasungidwira mumdima.
4. Funsani makolo kapena agogo za kagwiridwe ka usipa, ndipo lembani ziganizo zisanu.