Phunziro: Kupeza Njira Netiweki Ikasowa

M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosakata kwa masiku angapo m'chigawo cha kummwera. Ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba. Ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chikwawa ndi ku Nsanje misewu inaduka, milatho inakokoloka. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 500,000 anathawa m'nyumba zawo. Magetsi anazima. M'madera ambiri netiweki ya foni inasowanso, chifukwa nsanja za netiweki nazonso zimadalira magetsi.

Pa tsiku lotere simungaimbire m'bale wanu kuti akulozereni njira. Ngakhale njira imene mwaiyenda kuyambira ubwana imasintha nkhope: pamene panali munda pali nyanja, mtengo umene mumakhotera wagwa. M'phunziro lino tiona mmene munthu angadziwire pamene ali ndi kumene akulowera popanda intaneti. Tiyamba ndi foni, popeza ambiri tili nayo m'manja koma sitidziwa zonse zimene imatha.

Kadontho ka pa mapu

Mukatsegula mapu pa foni yamakono mumaona kadontho kosonyeza pamene mwaima. Ambiri amaganiza kuti kadonthoka kamadya bandulo. Ayi. Kamachokera ku makina otchedwa GPS, ndipo GPS sidalira Airtel kapena TNM.

Kumwamba, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, kuli masetilaiti a GPS okwana pafupifupi 30 amene amazungulira dziko kawiri pa tsiku. Anawaika ndi boma la America, ndipo aliyense amawagwiritsa ntchito ulere. Setilaiti iliyonse ili ndi wotchi yolondola kwambiri. Usana ndi usiku imaulutsa uthenga umodzimodzi: ndine wakuti, ndili pakuti, nthawi ndi yakuti. Foni yanu siyankha. Imangomvetsera, ndiye chifukwa chake sipafunika mayunitsi.

Nanga kumvetserako kumasanduka bwanji malo? Kumbukirani mphezi. Mumayamba mwaona kung'anima, kenako n'kumva kugunda. Kugunda kukachedwa mumadziwa kuti mpheziyo yagwera kutali. Foni nayo imayeza kuchedwa kwa uthenga. Uthenga wa setilaiti umathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, choncho foni ikadziwa nthawi imene uthengawo unanyamuka ndi nthawi imene wafika, imawerengera kutalika kwa setilaitiyo.

Setilaiti imodzi sikwanira. Munthu akakuuzani kuti ali makilomita 3 kuchokera pa chigayo, simungamupeze, chifukwa malo otere ndi ambiri kuzungulira chigayocho. Akawonjezera kuti ali makilomita 2 kuchokera pa sukulu, malo amatsala awiri okha. Akatchulanso mtunda wochokera pa tchalitchi, mwamupeza. Foni imachita chimodzimodzi, koma iyo imafuna masetilaiti osachepera anayi. Yachinayiyo imathandiza kukonza wotchi ya foni, imene si yolondola ngati ya setilaiti. Ikawamva onse bwino, imakulozani pamene muli, kuphonya ndi mamita ochepa chabe.

Mitambo ndi mvula sizitsekereza uthengawu. Chimene chimautsekereza ndi denga la malata, khoma lochindikala, kapena chigwa chakuya pakati pa mapiri. Tulukani panja, muime poyera. Ngati palibe netiweki kadontho kangachedwe kubwera kwa mphindi zingapo. Musafulumire kunena kuti foni yafa.

Apa ndiye pali nkhani imene ndikufuna muigwiritse. Setilaiti imakuuzani pamene muli, koma situmiza chithunzi cha misewu, mitsinje ndi midzi. Chithunzicho chimabwera pa intaneti. Wosakonzekera adzatsegula foni tsiku la tsoka n'kupeza kadontho kali pa tsamba lopanda kanthu. Mapu ayenera kusungidwa m'foni zinthu zisanavute. Pa Google Maps pali posankha dera lanu n'kulisunga kuti lizitseguka popanda intaneti, ngakhale kuti mapu osungidwa motero amafuna kuwatsitsanso pakapita nthawi. Palinso mapulogalamu ena monga Organic Maps ndi OsmAnd amene amakulolani kusunga mapu a Malawi yense. Iwowa amatenga mapu awo ku OpenStreetMap, amene amajambulidwa ndi anthu odzipereka, ndipo m'madera ena amaonetsa ngakhale tinjira ta miyendo. Ngati kutsitsako kukuvutani, pemphani mwana wanu kapena mphunzitsi wa kalasi lino. Mukatha, zimitsani data, mutsegule mapuwo, muone ngati mudzi wanu ukuoneka. Ikani chizindikiro pa nyumba yanu, pa chipatala, ndi pa sukulu ya pamalo okwera.

Malo alionse padziko ali ndi manambala awiri, ndipo foni imatha kuwaonetsa. Mzinda wa Blantyre uli pafupi ndi -15.8 ndi 35.0. Kamzere ka kutsogoloko kakutanthauza kuti tili kummwera kwa mzere wodula dziko pakati, choncho musakasiye polemba. Foni idzakupatsani manambala aatali kuposa awa. Akopereni onse, chifukwa otsatira kadontho ka pakati pa manambalawo ndi amene amaloza pakhomo penipeni. Netiweki ikangobwera pang'ono, atumizeni pa uthenga wa SMS. Uthenga wolemba umadutsa nthawi zambiri pamene kuimba kukukanika, ndipo opulumutsa anthu pa boti sadzataya nthawi kufunsa kuti mtengo wa mango mukunenawo ndi uti.

Mdani wamkulu ndi batire. Foni ikamasakasaka netiweki imene kulibe, moto umatha msanga. Dinani kachizindikiro ka ndege kuti ileke kusakako. Pa mafoni ambiri GPS imagwirabe ntchito ngakhale mwatero. Chepetsani kuwala, onani mapu pokhapokha mukafuna kukhota, ndipo foniyo muikulunge m'jumbo kuti isanyowe. Amene ali ndi kasola atchajiretu akangomva chenjezo la a zanyengo pa wayilesi.

Dzuwa, ndodo ndi nyenyezi

Si tonse tili ndi foni yamakono, ndipo imene ilipo ingagwere m'madzi. Mbali zinayi za dziko tiyenera kuzidziwa ndi mutu wathu: kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kummwera. Mukaloza dzanja lamanja kotulukira dzuwa, lamanzere lili kumadzulo, nkhope yayang'ana kumpoto, msana uli kummwera. Pa mapu ambiri kumpoto kumakhala pamwamba pa pepala.

Masana dzuwa lili pamutu, zikani ndodo yowongoka pamalo osalala. Ikani mwala pamene pathera mthunzi wake. Dikirani mphindi 20. Mthunzi udzasuntha, ndipo muike mwala wachiwiri pa nsonga yatsopanoyo. Mwala woyamba uli kumadzulo, wachiwiri kum'mawa. Pondani woyamba ndi phazi lamanzere, wachiwiri ndi lamanja. Kumene mwayang'anako ndi kumpoto. Musangodalira mbali imene mthunzi wagwera, chifukwa kuno kwathu umasintha ndi nyengo: mu Juni mthunzi wa masana umaloza kummwera, mu Disembala umaloza kumpoto.

Usiku kukayera, funani nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, zokhala ndi zinzake ziwiri zowala pambali. Tsatirani mzere wautali wa mtandawo kupyola kumiyendo kwake, muutalikitse kanayi ndi theka, kenako mutsitse maso pansi. Kumeneko ndi kummwera.

Koma tinene zoona. Namondwe akafika, dzuwa silioneka masiku atatu kapena anayi, nyenyezi ndiye musatchule. Njira ziwirizi zimathandiza mvula ikakata, pamene mukufuna msasa kapena abale. Mvula ili mkati, chokuthandizani ndi zinthu zimene madzi sangasunthe. Wa ku Phalombe amadziwa mbali imene kuli phiri la Mulanje ndi la Michesi. Wa ku Blantyre ali ndi Ndirande, Soche ndi Michiru. Mtsinje wa Shire umachokera ku nyanja ku Mangochi n'kumatsikira kummwera mpaka kukathira mu Zambezi, ndipo Ruo amakumana nawo pa Chiromo. Msewu wa M1 umayenda kuchokera kumpoto ku Karonga mpaka ku Nsanje. Mzere wa mapolo a magetsi umaonekabe pamene msewu wamira, koma muziuonera patali, chifukwa waya wogwera m'madzi amapha.

Mapu a m'kope

Ine ndimakhulupirira mapu ojambula nokha kuposa zonse tatchulazi. Safuna batire, ndipo pojambulapo mutu umasunga njira. Tengani tsamba la pakati pa kope. Lembani Kumpoto pamwamba. Jambulani nyumba yanu pakati, kenako mtsinje, dambo, mlatho, mjigo, chigayo, manda, sukulu ndi tchalitchi kapena mzikiti. Funsani agogo a m'mudzi kuti madzi anafika pati mu Januwale 2015, pa namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy. Malo onse amene anamira muwadetse ndi pensulo. Otsala oyerawo ndiwo kothawira kwanu. Funsaninso a mfumu ndi a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene imagwira ntchito ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zotere ya DoDMA, kuti malo osonkhanirana anasankha ndi ati.

Jambulani njira ziwiri zopitira kumeneko, osati imodzi. Ngati zonse ziwiri zikudutsa pa mlatho umodzi, ndiye kuti njira mukadali nayo imodzi. Pambali pa njira iliyonse lembani nthawi imene imatenga. Munthu wamkulu wopanda katundu amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola. Mayi wobereka mwana, atagwira wina padzanja, m'matope, usiku, angatenge nthawi yowirikiza kawiri. Lembani nthawi ya mayiyo. Kuseri kwa pepala lembani manambala a foni a abale atatu, chifukwa foni ikazima manambala onse amazima nayo. Pepalalo likhale m'jumbo limodzi ndi chitupa cha unzika, buku la kuchipatala ndi tochi.

Pali zinthu ziwiri zimene mapu alionse, a m'foni kapena a m'kope, sangakuuzeni. Choyamba, sadziwa kuti mlatho wapita usiku wathawu. Foni idzakulozani molunjika pamadzi ngati kuti zonse zili bwino. Maso anu ndiwo aweruze. Madzi othamanga ongofika masentimita 15, kungopitirira m'kakolo, angagwetse munthu wamkulu, ndipo a masentimita 30 anganyamule galimoto yaing'ono. Kuchigwa cha Shire madzi osefukira amabweranso ndi ng'ona. Musawoloke. Bwererani, mutenge njira yachiwiri ija.

Chachiwiri, tinazolowera kunena kuti madzi akabwera thawirani kumtunda. Freddy anationetsa kuti kumtunda kwina n'koopsa. M'tsinde mwa phiri lotsetsereka, makamka lodulidwa mitengo, nthaka ikakhuta madzi imagumuka, ndipo matope amatsata makhwawa. Mukamva kugunda kochokera m'phiri, mukaona ming'alu yatsopano pansi, kapena kamtsinje kakaphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, chokani m'khwawamo. Thawirani cham'mbali, osati kutsika motsata khwawalo, chifukwa matope amathamanga kuposa munthu. Malo abwino ndi okwera koma athyathyathya, otalikirana ndi mtsinje ndiponso ndi phiri.

Zoti tichite

Kambiranani awiriawiri. Kodi GPS imafuna chiyani kuti igwire ntchito, nanga chimene sifuna n'chiyani? Pa khomo la kalasi lino, kumpoto ndi kuti? M'mudzi mwanu ndani sangathe kuyenda yekha, ndipo adzamutenge ndani?

Tikaweruka, aliyense akajambule mapu a kwawo. Sabata ino, kunja kukadali kouma, tengani banja lonse muyende njira zonse ziwiri mpaka pamalo othawirapo, ulendo wina masana, wina madzulo ndi tochi. Ana ayende patsogolo, azitchula okha pokhotera, chifukwa tsikulo lingadzawapeze inu muli kumunda. Mapuwo mubwere nawo m'kalasi lotsatira kuti tidzawaone limodzi.